Chatsika n'chiyani, bwana?

Mu Julaye 2024 ananditsitsa udindo. Ndinali wosunga mabuku a ndalama pa depoti ya kampani ina yogula mbewu kuno ku Chipata, ndipo kalata imene ndinalandira inati kuyambira mwezi wotsatira ndizikakhala pa sikelo, kulemba makilo a matumba. Malipiro anawadula, alawansi ya nyumba anachotsa, kiyi wa ofesi ndinabweza. Zinandiwawa, sindingakane. Koma za malipirozo ndinazolowera msanga, poti chaka chimenecho aliyense ankazolowera kanthu kena kowawa. Chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga mpaka lero ndi funso limene kapitawo wathu anafunsa tsiku limene makalatawo anabwera.

Kampaniyo sindiitchula dzina. Kapitawoyo ndizingoti madala, chifukwa ndi mmene tonse tinkawaitanira.

## Shedi yoonekera khoma

Za chilala cha 2024 sindikuuzani zambiri, munaliko. Amene anapita ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale anadzionera okha chimanga chitapota masamba m'mbali mwa msewu, pa nthawi imene chinayenera kukhala chikubereka. Patangopita masiku ochepa, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Pamapeto pake Zambia yonse inakolola matani a chimanga pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene chaka cham'mbuyo anaposa 3.2 miliyoni.

Ife a pa depoti manambala amenewo tinawaonera pa simenti. Zaka zabwino, pofika Julaye milu ya matumba imagunda kumalata, ndipo anyamata onyamula amachita kuponda matumba omwewo kuti akafike pamwamba. Chaka chimenecho unkaima pakhomo la shedi n'kuona khoma la kumapeto. Malole ochokera ku Chadiza ndi ku Vubwi ankabwera ndi matumba ongoyala pansi, dalaivala akudandaula kuti dizilo wapita pachabe. Nshawa zinali zochepa, ndipo zambiri ukaswa umapeza m'kati muli kanthu kofota. Malaiti nawo, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka kusanache.

Ndiye titamva kuti kukubwera bwana wamkulu kuchokera ku Lusaka, palibe amene ankalota za bonasi.

## Tsiku la makalata

Anatisonkhanitsa mu shedi momwemo, poti malo analipo ambiri. Ena tinakhala pa mapaleti, ena pa matumba a mpendadzuwa, alonda ataima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Bwanayo anali wamng'ono kwa ine, munthu waulemu ndithu, ndipo anayamba n'kutipatsa moni aliyense pamanja. Laputopu anaiika pa mulu wa matumba atatu, ndipo ankasuzumira batire pafupipafupi. Pa sikirini panali mzere wofiira wotsetsereka, koma amene anakhala kumbuyo sanauone n'komwe chifukwa cha dzuwa lolowera pakhomo.

Analankhula Chingelezi chosakaniza ndi Chinyanja cha ku Lusaka. Mawu ake anali osalala, a downturn, a cost-cutting, a realignment. Anabwereza kawiri kuti palibe amene akuchotsedwa ntchito, tikungosinthana malo pang'ono. Pomaliza anamasulira yekha kuti onse amve: "Bizinesi yatsika. Tonse tisenzeko pang'ono kuti kampani isagwe." Kenako manejala wa depoti anayamba kuitana mayina n'kumapereka maenvelopu.

Madala analandira yawo koma sanaitsegule. Anthu a msinkhu wawo ali ndi kaimidwe kawo akafuna kulankhula pamaso pa akuluakulu. Anavula kapusi, n'kuipinda m'dzanja limodzi pamodzi ndi envelopu ija. M'thumba la ovolosi munkaoneka choko chimene ankalembera manambala pa milu, ndipo chitsulo chawo chobayira matumba poona mbewu anachitsamiritsa pa mwendo.

"Pepani bwana, ndifunseko. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Mwati zatsika. Chatsika n'chiyani?"

"Bizinesi, madala. Bizinesi yonse."

"Eya, ndamva. Koma ine pano ntchito yanga ndi kuwerenga matumba. Matumba achepa, zimenezo ndikuvomera, ndaona ndi maso anga. Nanga thumba limene tinkagulitsa kwa a zigayo chaka chatha, lero tikuligulitsa motsika kapena mokwera?"

Bwanayo anamwetulira pang'ono. "Mtengo wakwera, koma ifenso tikugula mokwera."

"Zikomo bwana. Ndiye chatsika ndi matumba, mtengo wakwera uku ndi uku. Tsono chotsalira kampani chija, chachepa kapena chatheratu mpaka mwayamba kuchotsa za m'thumba? Chifukwa kuchepa ndi kutha, kwathu kuno n'zosiyana."

Mu shedi munangoti zii. Mnyamata wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Bwanayo anatembenukira kwa ine, poti ndinakhala chapatsogolo ndi buku langa pamiyendo.

"A accounts, auzeni madala kuti tikuluza."

Envelopu yanga inali kale m'thumba la malaya, ndipo ndinali nditaisuzumira. Ndinaimirira, n'kunena zimene zinali m'buku: "Matumba achepa kwambiri, bwana. Phindu nalo lachepa." Ndinalekera pomwepo n'kukhala pansi. Bwanayo anadikira kuti mwina ndiwonjezera, koma ndinalibe chowonjezera. Madala anagwedeza mutu, n'kuvala kapusi yawo, n'kuti, "Zikomo, ndamva tsopano."

Ndinene mwachilungamo, bwana uja sikuti ankanama dala. Buku la kulikulu ndi lina. Limasenza ngongole za kubanki, malipiro a mabwana, ndi madepoti ena amene mwina anagwadi m'dzenje chaka chimenecho. Koma iye anandifunsa za buku langa, ndipo m'buku langa munalibe kuluza. Chimanga chinali chosowa, a zigayo ankachita kutiimbira foni okha, ndipo pa thumba lililonse tinkapeza zambiri kuposa chaka cha zokolola zambiri. Matumbawo ndiwo anali ochepa.

## Kutsika kulipo kwamitundumitundu

Ndagwira mabuku zaka zambiri, koma madala ndi amene anandionetsa kuti mawu akuti "zatsika" amabisa zinthu zingapo zimene sizigwirizana n'komwe, ndipo chilichonse chili ndi munthu wake amene amachilipira.

Pali kuchepa kwa malonda, kutanthauza kuti katundu amene wadutsa m'manja mwako ndi wochepa. Ndi zimene zinatigwera ife. Izi zimapweteka kwambiri amene amadyera pa kuchuluka kwa katundu: wonyamula amene amalipidwa pa thumba, mwini lole, mayi wogulitsa nsima pa geti ya depoti. Mayi ameneyo anasiya kubwera mu Ogasiti, ndipo palibe amene anamulembera kalata.

Kutsika kwa mtengo ndi nkhani ina, ndipo kawirikawiri kumabwera chaka chimene malonda achuluka. Alimi a kuno akukumbukira 2017. Mvula inagwa bwino, chimanga chinadzaza nkhokwe, ndipo FRA (bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga), imene mu 2016 inagula thumba la makilo 50 pa K85, inalengeza K60. Mlimi anakolola zambiri n'kulandira zochepa. Akuluakulu akukumbukiranso thonje. Mu 2011 makampani ankagula pa K3,200 yakale pa kilo, anthu n'kukuza minda, ena mpaka kusiya chimanga. Mu 2012 mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse utagwa, anauzidwa K1,600. Atate anga ku Katete anasunga mabelo awo m'nyumba milungu ingapo, akuti sangapereke thukuta lawo pa theka, koma ngongole ya mbewu ndi mankhwala inali ikudikira, ndipo pamapeto pake anagulitsa. Sanadzalenso thonje.

Apa pali chinthu chimene ogula mbewu sakonda kunena mokweza. Mtengo ukatsika, wogula pakati savulala ngati mlimi. Iye amadyera pa mpata umene uli pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Akagula pa K60 n'kugulitsa pa K75, wapeza zofanana ndi amene wagula pa K85 n'kugulitsa pa K100, ndipo watulutsa ndalama zochepa. Amavulala pokhapokha mtengo ukagwa katundu ali kale mu shedi, atagulidwa mokwera. Ndiye mukamva wogula akuti "msika watsika" pa sikelo, dziwani kuti nthawi zambiri akukupatsirani kutsikako kuti mukusenze inu.

Kenako pali phindu kuchepa, ndi kuluza. Apa ndi pamene madala anaponda. Munthu amene chaka chatha anatsala ndi K100,000 atalipira zonse, chaka chino n'kutsala ndi K40,000, amayenda m'tauni akuuza aliyense kuti waluza K60,000. Sanaluze kanthu. Wapeza K40,000. Kuluza n'kutulutsa zambiri kuposa zimene zalowa, mpaka kudya mpamba. Amalonda ambiri amasakaniza ziwirizi osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa mawu akuti "tikuluza" amatseka pakamwa wantchito, pamene "phindu lachepa" amasiya mpata woti munthu afunse kuti lachepa kufika pati.

Palinso kusowa ndalama m'manja, kumene kumagwera ngakhale bizinesi imene ikupindula. Katundu wapita, wogula sanalipire, mwezi watha, antchito akudikira. Ameneyo sanaluze, wangomangika, ndipo mankhwala ake ndi kulondola angongole, osati kudula malipiro a mlonda. Ambiri a kaloba, okongoza ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu m'tauni muno, amadyera pa anthu oterewa.

Za mphamvu ya kwacha ndingodutsapo. Mu 2013 atachotsa mazilo atatu, K1,000 n'kukhala K1, panali agogo amene ankalira kuti ndalama zawo zatsika, pamene palibe chimene chinasintha. Mu 2015, dola itachoka pa K6 ndi kanthu n'kupitirira K12, manambala pa pepala la malipiro anali omwewo, koma apo ndi pamene anthu anatsitsidwadi, popanda kalata.

## Pa sikelo

Mwezi wa Ogasiti ndinayamba ntchito yanga yatsopano, pa tebulo laling'ono pansi pa khonde la shedi, ndi buku la malisiti la makaboni ndi kamakina koyezera chinyezi. Kuofesi ndinkaona makilo atasanduka kale manambala. Pa sikelo ndi pamene ndinaona mmene amadulidwira.

Thumba likakwera pa sikelo, pamachoka kaye kulemera kwa thumba lenilenilo. Kenako chitsulo chimabaya, mbewu n'kugwera m'dzanja. Ngati muli zinyalala kapena zofumbwa, pamachokanso kena. Chimanga chikapitirira 12.5 peresenti ya chinyezi, umene ndi muyezo umene FRA nayo imafuna, mlimi amauzidwa kuti akayanike kapena avomere kudulidwa. Nshawa zikakhala zosakanikirana, zazikulu ndi zofota, zimatsitsidwa giredi. Zonsezi zili ndi zifukwa zake zoona. Chimanga chachinyezi chimaola mu shedi, ndipo chikauma chimapepuka. Palibe wamalonda amene angagule madzi pa mtengo wa chimanga.

Koma chaka chimenecho malangizo anabwera akuti tiumitse dzanja. Kumene kale tinkadula theka la kilo, tizidula kilo yathunthu. Thumba limene kale likanadutsa pa giredi yoyamba, tiziliyang'ana kawiri.

Ndikukumbukira mayi wina wachikulire wochokera cha ku msewu wa Lundazi, amene anabwera ndi matumba awiri a nshawa pa njinga ya mdzukulu wake. Anali atazisankha yekha, zinkaonekeratu, munalibe kamwala ngakhale kamodzi. Mnyamata wa pa sikelo anabaya pansi pa thumba, n'kupeza zingapo zofota, n'kunena giredi yachiwiri. Mayiyo sanakangane. Anangotambasula dzanja kuti amubwezere nshawa zimene zinatuluka ndi chitsulo, n'kuziwerenga ndi chala, zabwino mbali iyi, zofota mbali iyo. Zofota zinali zitatu. Anandiyang'ana ine, poti ndine ndinagwira cholembera.

"Mwanawe, zitatuzi ndizo zatsitsa matumba onse awiri?"

"Amayi, dikirani," ndinatero, n'kuuza mnyamata uja kuti abayenso pakati ndi pamwamba. Zinatuluka zabwino. Ndinalemba giredi yoyamba, ndipo madzulo ake manejala anandiitana kuti ndifotokoze.

Apo ndi pamene ndinaona ulendo wonse wa mzere wofiira uja. Unachoka pa laputopu ku Lusaka, n'kufika kwa manejala ngati lamulo lochepetsa ndalama zotuluka, kwa ine n'kukhala kalata, kwa anyamata onyamula n'kukhala masiku atatu pa sabata m'malo mwa asanu ndi limodzi, ndipo pomaliza unathera m'dzanja la mayi uja. Aliyense pa mzerewu ankapatsira wapansi pake, ndipo aliyense ankanena mawu omwewo, akuti zinthu zatsika, ngati kuti zatsika zokha.

## Kusaina

Tibwerere ku makalata aja, chifukwa m'menemo ndi mmene munali ndalama zenizeni.

Pansi pa kalata iliyonse panali mzere woti usaine kuti wavomera udindo watsopano ndi malipiro ake. Anatipatsa sabata imodzi. Ambiri anasaina tsiku lomwelo. Dalaivala wina ananena poyera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo palibe amene anamutsutsa. Thumba la ufa linali litapitirira K300, sukulu zinali pafupi kutsegulira temu yachitatu, ndipo ntchito m'tauni munalibe. Inenso ndinasaina, nditawerengera lendi ndi fizi ya ana.

Madala, amene kalata yawo inawachotsa pa ukapitawo kuwaika pa ntchito wamba ya mu shedi, sanasaine. Anatenga envelopu yawo, n'kukwera njinga kupita ku ofesi ya leba. Atabwerako anandipeza pa nkhomaliro, n'kundiuza zimene anamva, ndipo usiku wake ndinakafufuza lamulolo pa foni.

Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019, pa gawo 55, limafotokoza za kuchotsedwa ntchito chifukwa choti ntchitoyo yatha kapena yachepa, kumene m'makalata amati redundancy. Munthu wochotsedwa mwa njira imeneyi amayenera kulandira malipiro osachepera a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Chimene ambirife sitinkadziwa n'chakuti lamulo lomwelo limawerengeranso ngati redundancy pamene bwana wasintha mfundo za ntchito yako moipira iwe, iwe usanavomere. Mawu ofunika ndi omalizawo. Ukasaina, wavomera.

Tiyerekeze munthu amene wagwira zaka 15 pa malipiro a K3,000. Miyezi iwiri pa chaka ndi miyezi 30, ndiye K90,000. Munthu yemweyo akasaina kuti atsike pa K2,000, kampani ilibe choti imulipire lero, ndipo ikadzamuchotsa patsogolo, mawerengedwe adzayambira pa malipiro otsikawo. Miyezi 30 yomweyo yasanduka K60,000. Ndiye pamene bwana ankabwereza kuti palibe amene akuchotsedwa, ankanena zoona, komanso ankanena chinthu chimene chinali chotchipa kwa kampani.

Sindikunena kuti aliyense wotsitsidwa akane kusaina. Lamuloli silikhudza aganyu, ndipo sikuti ukangokana ndalama zimagwa mawa lake. Kampani nayo imakhala ndi mayankho ake, nkhani zotere zimakokedwa ku leba, zina mpaka kukhoti, ndipo pa nthawi yonseyo ana amafuna kudya. Wazaka ziwiri pa ntchito, amene phukusi lake lingathe m'miyezi inayi, ali ndi chifukwa chabwino chogwirira fodya wa pamphuno. Koma wazaka zambiri ngati madala, siginecha yake inali katundu wamtengo, ndipo ankafunsidwa kuti aipereke ulele m'sabata imodzi.

Nkhani yawo inatenga miyezi. Anaitanidwa kuofesi kangapo, tsiku lina mokoma, tsiku lina mowopseza. Yankho lawo linali limodzi: "Bwana, ngati ukapitawo watha, nenani kuti watha, mundipatse zanga ndizipita. Ngati ulipo, ndisiyeni ndigwire." Chisanafike Khirisimasi anagwirizana, n'kulandira phukusi lawo. Panopa ali ndi ngolo ya ng'ombe ndi kagolosale kumudzi kwawo, ndipo nyengo yokolola amagula nshawa pa meda n'kudzagulitsa ku Saturday Market. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bizinesi ikuyenda bwanji. Anati matumba ndi ochepa koma palibe amene amawauza kuti asaine.

## Kunyumba

Kutsitsidwa udindo kuli ndi mbali ina imene simalembedwa m'kalata. Anthu amene ankandiitana kuti a akauntanti anayamba kunditchula kuti a sikelo, ena mwachipongwe, ambiri mosaganizira. Kutchalitchi anapitiriza kundipatsa buku la chopereka kuti ndiziwerengera, ndipo zimenezo zinandithandiza kuposa mmene iwo ankadziwira.

M'nyumba tinachoka pa ufa wa breakfast kupita pa wa roller, umene ndi wotchipirapo. Ana anadandaula sabata yoyamba, kenako anaiwala. Kwa aneba athu, kumene bambo anali mmodzi wa onyamula aja, anachoka pa thumba la makilo 25 kupita pa timapepala ta Pamela, kugula ufa wa tsiku limodzi madzulo alionse. Ukawerengera pa kilo, ufa wa Pamela ndi wodula kuposa wa thumba. Amene watsika kwambiri ndi amene amagula modula kwambiri, ndipo zimenezi m'mabuku a kampani sizilowa.

Mayi a kunyumba ndi amene anandifunsa funso lachiwiri lolimba chaka chimenecho. Anati, "Bambo, akuti n'zakanthawi. Kalatayo yanena kuti mudzabwerera liti?" Ndinaiwerenganso. Inali ndi tsiku loyambira, koma lothera munalibe.

Mu 2025 mvula inagwa bwino, dziko linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni, FRA inalengeza K340 pa thumba kuchoka pa K330, ndipo shedi yathu inadzazanso mpaka kumalata. Za kubwerera pa maudindo akale palibe amene anazitchula. Kuofesi kwanga kunali kutakhala kale mnyamata wongomaliza kumene koleji, wa malipiro ochepa. Nyengo yogula itatha ndinalemba kalata yanga yosiya ntchito.

## Mabuku a anthu ena

Panopa ndimasungira mabuku amalonda ang'onoang'ono, ena a ku Kapata, ena a cha ku Down Shops. Ambiri sanakhalepo ndi buku lenileni, amangokhala ndi kope la ngongole ndi pulasitiki yodzaza malisiti. Pafupifupi onse akamandiitana koyamba amayamba ndi mawu amodzimodzi, akuti bizinesi yafa. Ine ndimatenga pepala n'kulemba mizere padera: katundu amene watuluka, mtengo wogulira ndi wogulitsira, zolipira za mwezi, amene sanalipire ngongole, ndi ndalama zimene mwini wake watapa m'kabati. Mzere womalizawu ndi umene umayambitsa mikangano.

Mwezi wathawu bambo wina wa shopu ya hadiweya anandiitana kuti ndimuthandize kulemba kalata yodula malipiro a atsikana awiri a pa kauntala. Anati akuluza, ndipo akapanda kudula atseka. Tinakhala kuseri kwa shopu, pakati pa zitini za penti ndi mipukutu ya waya, kuyambira masana mpaka atatseka. Malonda anali atachepadi, koma pang'ono. Mitengo inali bwino. Vuto linali pawiri. Makontirakita atatu anatenga malata ndi simenti pa ngongole ndipo miyezi inali ikupita osalipira, ndiyeno bamboyo akumanga nyumba ya lendi, ndipo simenti ya nyumbayo imachoka mu shopu momwemo osalembedwa paliponse.

Ndinamuonetsa kuti ndalama zimene angapulumutse podula atsikana onse awiri kwa chaka chathunthu sizikufika pa ngongole ya kontirakita mmodzi. Sanakondwe. Anati, "Achimwene, ndinakuitanani kuti mundithandize, osati mundiweruze. Shopu ndi yanga, simenti ndi yanga." Ndinamuyankha kuti n'zoona, ndipo ali ndi ufulu womanga nyumba ndi simenti yake, kungoti tiilembe pa dzina lake kuti shopu isaoneke yodwala pamene ili bwino. Ndinamuuzanso kuti akafuna kudula malipirowo, atsikanawo ayenera kuvomera okha, ndipo mmodzi wa iwo wagwira pamenepo zaka zoposa khumi.

Kalatayo sitinalembe tsiku limenelo. Iye akuti aganizira, ndipo wayamba kuimbira makontirakita aja. Kumapeto kwa mwezi uno tikhalanso pansi, ndipo ndamuuza kuti adzabwere ndi chiwerengero cha matumba onse a simenti amene apita ku nyumba ija kuyambira pa maziko.